Tsoka la a Cyprian Okumba Zitsime

Dzuwa likafika paliwombo, a Cyprian Kwenda ankachotsa mapazi pansi. Ankasiya hamala, kukankhira pambali ndowa imene akukhoma, kukoka kileti ya mowa yopanda mabotolo n'kusanjikapo miyendo yonse iwiri. Ndiye ankakhala choncho, majombo ali m'mwamba, maso ali pa fumbi, mpaka mthunzi wa shopu utayamba kutalika. Pa msika wa Huruyadzo panalibe wosazidziwa zimenezi. Mahwindi oitanira makombi ankaonera nthawi pa iwo, ati mudhara, kunena mkuluyo, akakweza mapazi ndiye kuti yakwana yokadya. Ankaseka anyamatawo, poti kuseka n'kwaulere. Akanadziwa chimene chinkachitika pansi pa kiletiyo, mano akanawabisa.

A Cyprian ankagwidwa ndi manja. Manja awiri ozizira, onyowa, a zala zikuluzikulu, otulukira m'nthaka momwemo. Ankawagwira m'akakolo n'kufinya. Usiku sankabwera ayi. Ankabwera masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ali piringupiringu, amayi akutsatsa tomato. Akangomva kufinya koyamba, a Cyprian ankathawitsa mapazi, ndipo wowafunsa ankamuuza kuti ndi nyamakazi. Ngakhale akazi awo a Rozina ankadziwa kuti ndi nyamakazi. Koma iwo eni ankamudziwa mwini manjawo. Anali mng'ono wawo Gordon.

Abale awiriwa anabadwira mu St Mary's momwemo, m'tauni ya Chitungwiza. Bambo awo anachoka ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito m'mafamu, nathera m'tauni muno akukumba ngalande, ndipo chimene anawasiyira ana awo ndi dzina, Chichewa ndi piki. A Cyprian anali aakulu pobadwa koma ochepa thupi, ouma ngati chikuni. Gordon anali chimphona, munthu woti akalowa m'kombi hwindi ankayamba kudandaula za mpando. Mipopi ya mu Chitungwiza itayamba kumangotsokomola mphepo, aliyense akufuna chitsime pakhomo, awiriwa anapeza ntchito yawo. Wochepa thupi ankalowa pansi, chimphona chinkakoka ndowa ya dothi pamwamba. Anakumba mu St Mary's, anakumba ku Zengeza, ndipo mpaka lero pali makomo ambiri akumwa thukuta lawo osadziwa.

Pamtunda ankalankhula Chishona ngati wina aliyense. Ngakhale kunyumba Chichewa chinkatulukira pokalipa ndi popemphera basi. Koma m'chitsime munali kwawo. Wina ali pansi wina ali pamwamba, ankakuwirana Chichewa chokhachokha, kujeda eni nyumba ali chiimire pomwepo. "Achimwene, tiyi wabwera, koma ngati madzi otsukira makapu!" Pansi n'kuyankha, "Imwa wekha, ine kuno ndili nawo ambiri!" Eni nyumba ankangomwetulira, kuyesa amisiri akukambirana za ntchito.

Zinachitika mu Okutobala, ku Zengeza 1, akuzamitsa chitsime chakale. Madzi ankabwerera msanga, ndiye mwini nyumba anabwereka injini ya petulo yopopera, iwo n'kuitsitsira m'katimo pa chingwe chawo chachikulu. Paja amati tsoka silinunkha. A Cyprian ankakumbuka kulira kwa injiniyo, ankakumbuka mutu ukulemera, kenaka mdima. Anatsitsimukira m'chipatala, ndipo pamene ankatulukamo Gordon anali ataikidwa kale.

Zina zonse anachita kuuzidwa. Gordon anazimitsa injini n'kutsika kukawatenga. Anthu apafupi anaponya chingwe china, koma chinaperewera, chinkangolendewera m'malere osafika pansi. Patapita kanthawi anamva chalemera, anakoka, anatuluka a Cyprian ali lende. Ataponyanso, palibe anachigwira. Ozimitsa moto atamutulutsa Gordon, pa vesiti yake yoyera panali zidindo ziwiri za matope, phewa ili ndi phewa ili. Anali mapazi ang'onoang'ono, zala zake zooneka bwinobwino. A Cyprian ankakumba opanda nsapato.

Pakamwa pa anthu, abale inu! Nkhani inafika pa Huruyadzo maliro asanafike n'kunyumba komwe. Ati anapondereza mng'ono wake m'madzi kuti iye apulumuke. Ati anthu a ku Malawi ndi otero, ali ndi zizimba zawo. Mwa onenawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasuzumirako m'chitsimemo, koma ankafotokoza ngati ndi amene ananyamula tochi. A Cyprian anazimva, ndipo chowawa n'chakuti anazikhulupirira. Akanatsutsa ndi chiyani m'mutu muli bii? Mapaziwo anali awo.

Sanalowenso m'chitsime. Piki anaikankhira pansi pa bedi, anagula majombo ndi sokosi zokhuthala, nayamba kukhoma ndowa ndi mapoto. Kwa mlamu wawo Winnet, mkazi wa Gordon, sanapondeko. Akamuonera patali ankalowa m'shopu n'kumayang'ana sopo ngati ogula. Kumanda ndiye musanene. A Rozina anawatengera kwa a mapositori, aneneri opemphera kuthengo, anawazidwa madzi a m'botolo mpaka malaya kununkha chinyezi, koma munthu ankangothera kuwonda.

Tsiku lina chilimwe chikuyamba, Winnet anabwera pa Huruyadzo. Anaisankha bwino nthawi mayiyu. Anafika masana enieni, mlamu wake ali pa kileti, alibe kothawira.

"Alamu," anatero osapereka ndi moni womwe, "mwala wa mng'ono wanu wafika. Tivundukula chiliza Loweruka lomaliza la Okutobala. Wochotsa nsalu ndinu. Wa kwa Kwenda wotsala ndi ndani winanso? Mukapanda kubwera, nsaluyo iwolera pomwepo, ine sindiikhudza."

Anatembenuka n'kumapita. A Cyprian anatsala pa kileti paja akusinkhasinkha. Ngati manjawo ankawapeza pa Huruyadzo, mtunda wonsewo, nanga atakaima pamutu pa manda a Gordon penipeni, pa dothi lofewa? Kukana sakanatha, chibale ndi fupa sichiola. Madzulo anawauza a Rozina mwachidule kuti, "Ndipita. Koma ndikapita sindibwerako."

A Rozina makolo awo anali a ku Tete, ndipo mawu otere sankawalandira ndi manja awiri. Kumsonkhano wa amayi kutchalitchi anali atamva za mlangizi wina ku Zengeza, wothandiza anthu amene anaona zoopsa.

"Akuti EMDR, kaya ndi chiyani. Samwetsa mankhwala, satema mphini. Amangokuyendetsa maso."

"Maso anga alibe vuto."

"Ndiye vuto lili ndi ine, amene ndikuphikira mtembo woyenda? Valani malaya, bambo inu!"

Mlangiziyo dzina lake anali Fadzai, Mshona wa magalasi, wamng'ono woti akanakhala mwana wawo, ndipo Chichewa sankachidziwa ngakhale cha moni. Kachipinda kake kanali kuseri kwa kiliniki, mipando iwiri, zenera limodzi, pansi pa simenti. Maulendo oyamba anangocheza m'Chishona. A Cyprian anafotokoza za injini, za chingwe, za zidindo pa vesiti. Za manja aja sanatchule. Fadzai anawapempha kuti apeze malo amene mtima wawo umakhala pansi akawaganizira, oti azithawirako zikavuta. Iwo anasankha pa mtanda wa njinga ya bambo awo, ali mwana, mphepo ikuwomba kumaso.

Kenaka anawafotokozera ntchito yake. Ati chinthu choopsa chikagwera munthu, nthawi zina mutu umalephera kuchimeza, chimangokhala pakhosi ngati munga wa nsomba, chaka n'chaka chili chachiwisi. Munthu akachikumbukira kwinaku maso akuyenda uku ndi uku, chimayamba kutsika. Chifukwa chake chenicheni ngakhale ophunzira akukanganabe. "Zikakula, mukweze dzanja, tiima," anatero. A Cyprian anavomera ndi mutu, koma mumtima ankati za ana izi.

Tsiku loyamba ntchito yeniyeniyo, kombi inawachedwetsa. Ankayenera kulowa m'mawa, koma pamene ankakhala pampando mthunzi panja unali utafupika kale. Anayang'ana uku ndi uku. Munalibe kileti.

Fadzai anakokera mpando wake chapambali, nakweza zala ziwiri patsogolo pa nkhope yawo. Anawauza kuti aganizire chinthu chomaliza chimene akukumbuka m'chitsimemo, mutu usagwedezeke, maso okha atsate zala. Zala zinayamba ulendo. Kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere, mwakachetechete. Zitaima anawauza kuti apume, nafunsa, "Muri kuonei?" Mukuona chiyani?

"Mdima," anayankha m'Chishona. "Ndi kabowo kowala kumwamba."

"Pitirizani ndi zimenezo."

Zala zinayambanso. Ulendo uno injini inalira, osati m'mutu, koma ngati ili pansi pa mpando. Chipinda chinayamba kununkha dothi lonyowa. Zenera linachepa, linakwera m'mwamba, linasanduka lozungulira. A Cyprian ankaonabe zala za mtsikanayo, ankadziwa kuti ali ku Zengeza pa mpando wa pulasitiki, koma madzi anali atawafika m'mawondo. Mantha anawagwira enieni. Ndipo lilime lawo, poona kuti lafika m'chitsime, linabwerera kwawo.

Zala zinaima. "Muri kunzwei mumuviri?" anafunsa Fadzai. Mukumva chiyani m'thupi?

"Tsoka," anatero a Cyprian m'Chichewa, mawu ali pansipansi. "Tsoka lokhalokha."

Ankanena tsoka lathu lomweli, lija limagwera munthu osagogoda. Koma pa Chishona tsoka ndi phazi. A Cyprian anabadwa akuzidziwa zimenezo, kungoti nthawi imeneyo mutu wawo unali pansi pa nthaka, kumene Chishona sichinkafikako. Ndiye chimene anaona n'chakuti mtsikana uja wagwedeza mutu ngati wakhala akudikira mawu amenewo, watsitsa maso, wayang'ana majombo awo, waloza ndi chala.

"Tsoka. Zvakanaka. Rambai muri ipapo, patsoka." Mapazi. Chabwino. Khalani pomwepo, pamapazi.

Tsitsi linawaima. Wadziwa bwanji mwana ameneyu? Chinthu chimene sanauze mkazi wawo, sanauze a mapositori, sananong'oneze ndi Mulungu yemwe! Akuwaona kodi? Ali pomwepo kale? Panja wina anatsegula wailesi, nkhani za masana zikuyamba, ndipo manja aja anabowola simenti.

Anali ozizira kuposa masiku onse. Anapyola jombo, anapyola sokosi, zala zinazungulira akakolo n'kufinya. Dzanja la a Cyprian linanyamuka pa bondo kuti liimitse zonse. Fadzai analiona. "Tiime?" anafunsa. Iwo anayang'ana chipinda chopanda kileti, anaganiza za Loweruka lija likubwera, ndipo kutopa kwa chaka chonse kunawatsikira. Ngati akunditenga, anditengere pompano. Dzanja analibweza pa bondo.

"Pitirizani," anatero.

Kumanja, kumanzere. Kumanja, kumanzere. Chaka chonsecho ankathawitsa mapazi pa kufinya koyamba, moti sanadziwepo chimene manjawo amachita akamaliza kufinya. Lero anadikira kukokedwa. Anadikira simenti itseguke.

Manja aja ananyamula.

Ananyamula phazi lamanzere n'kuliika pa chinthu chotakata, chofunda, chonjenjemera. Anabwerera, ananyamula lamanja. Ndipo pansi pawo, pafupi kwambiri, panamveka mawu a munthu wopuma movutika.

"Pondani, achimwene. Pondani, musaope. Simulemera inu."

Khoma la chitsime linkatsetsereka kutsika pamaso pawo. Chingwe chinawakhudza kumaso, mkono wawo unalowa mu mfundo yake. Manja anachoka m'akakolo, analowa pansi pa zidendene, anakankha. Kenaka mawu omwewo anakuwa cholozetsa kumwamba, m'Chishona, chinenero chimene Gordon sanachilankhulepo m'chitsime chibadwire.

"Dhonzai! Dhonzai!" Kokani!

Fadzai anatsitsa zala. Bambo uja anali ataimika mapazi pa zala zokha, zidendene zili m'mwamba, misozi ikutsikira m'kolala. Analira ngati maliro angochitika kumene, ndipo kwa iwo anali atangochitikadi. Mtsikanayo sanawatonthoze msanga. Anawasiya, kenaka anawakumbutsa za njinga ya bambo awo mpaka mpweya unabwerera m'malo mwake.

"Zinachitikadi choncho?" anafunsa a Cyprian atafotokoza zonse.

"Ine kunalibe, baba. Sindingakunamizeni kuti ndikudziwa. Ndipo sitinamalize, mubwerenso."

"Nanga za mapazi anga unadziwa bwanji?"

Fadzai anadabwa. "Mwanena nokha. Mwati tsoka."

A Cyprian anamuyang'ana, anayang'ana majombo, kenaka anaphulika kuseka, kuseka kosakanikirana ndi mamina, moti a Rozina amene ankadikira pa benchi panja anatsegula chitseko osagogoda, akuganiza kuti basi mutu wa amuna awo wazungulira.

Anabwererako kangapo. Manja ankabwerabe masana, koma tsopano kileti inkakhala pambali, mahwindi n'kumadandaula kuti wotchi yawo yafa. Chinatsala ndi chikayiko. Mutu wa munthu ndi wochenjera, ukhoza kudzipekera nthano yokoma kuti ugone. Nanga ngati anthu a pamsika ankanena zoona? Wodziwa anali mmodzi, ndipo anali pansi pa nsalu ija, akudikira Loweruka.

Mwambo unayenera kuyamba m'mawa, koma mukudziwa alaliki akaona anthu asonkhana. Pamene ankati ameni womaliza, dzuwa linali pamutu. Kumanda kunali zii, kopanda mphepo, kopanda ndi mbalame yomwe. Chiliza chinali chitaima chofunda nsalu yoyera, chachitali ngati mwini wake. Anthu a pa Huruyadzo analipo, ena obwerera nyimbo, ena obwerera kudzaona ngati nthaka ichite kanthu. A Cyprian anaima kumapeto, pa mwala. Winnet anabwera kudzawatenga.

"Alamu," anatero iwo motsitsa, "ndisanapite apo, mudziwe. Ndinamuponda."

"Ndikudziwa. Vesitiyo ndinachapa ndine." Winnet anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku majombo, ndipo nkhope yake inasintha. "Dikirani. Mukutanthauza kuti chaka chonsechi mumakhulupirira za pamsika? Ine kumayesa mukuthawa kusamala ana a mng'ono wanu! Inu alamu, ndi kathupi kanuko, mukanamuponda Gordon iye asakufuna? Munthu amene ankakunyamulani ndi dzanja limodzi pa Khirisimasi?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mayi wa nyumba ija anandiuza pamaliro. Anagwada pakamwa pa chitsime, anamva yekha. Mawu omaliza anali a Gordon."

"Ankati chiyani?"

"Ankakuwa kuti dhonzai."

A Cyprian anakhala pansi pa mwala uja, anavula jombo, anavula linzake, anavula sokosi, nazipereka kwa a Rozina. Mapazi anali otuwa, ofewa, ngati a munthu wogonekedwa m'chipatala. Anthu anapatuka. Anayenda pa mchenga mpaka kumutu kwa manda, ndipo atangoima manja aja anafika, ozizira, onyowa, amphamvu kuposa kale. Anafinya, analowa pansi pa zidendene, anayamba kukankha. Chaka chathunthu ali pansipo, akukankhabe munthu amene anatuluka kalekale.

A Cyprian anawerama pang'ono ngati mmene munthu amasuzumira m'chitsime, nalankhula Chichewa cha m'katimo.

"Gordon. Ndafika pamwamba, mng'ono wanga. Ndatuluka. Siya tsopano, upume."

Zala zinamasuka chimodzichimodzi. Zidendene zinatsika, zinakhudza pansi. A Rozina amalumbira mpaka lero kuti pomwe anaima amuna awo mchenga unali wonyowa, mvula isanagwe n'kadontho komwe. Ena amati linali thukuta. A Cyprian sanayang'ane pansi. Anagwira nsonga ya nsalu, anakoka, dzina la mng'ono wawo linaonekera, amayi anayamba nyimbo.

Ndipo pamenepo anamva chinthu chimene anali atachiiwala. Mchenga wa Okutobala unali ukuwawotcha mapazi, kuwotcha kwenikweni.

"Valani majombo, mupsa," ananong'ona a Rozina.

"Asiyeni apse," anatero a Cyprian, ndipo anaimabe pomwepo mpaka nyimbo inatha.